Anabwera Kudzawerengedwa

1994

Za ubwana wanga sindilemba muno. Amayi anu anakusimbirani kale, zina zoona, zina zokometsera. Ine ndiyambira pamene ndinayamba kumanga tayi, chifukwa funso limene mumandifunsa kawirikawiri, makamaka iwe Chikondi, ndi lakuti bwanji laibulale ya pa Njuli inatsekedwa ili m'manja mwanga. Nthawi zonse ndimakuyankhani kuti inali nkhani ya kulikulu. Si bodza, koma si zonse, ndipo popeza tsopano ndangokhala pakhomo, ndati ndilembe zonsezo mudziwerengere nokha.

Ndinalowa ntchito ya mu laibulale pa boma la Chiradzulu mu 1994, ndili ndi zaka makumi anayi, nditatopa ndi uphunzitsi wogwirizira umene chaka chilichonse ankangoti tikulembani chaka chamawa. Chaka chimenecho ndi chija sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi, ena mawu atayamba kale besi koma ali mu Sitandade 1, ndipo m'makalasi buku limodzi ankaliunjirira ana khumi. Ine ndinati basi, Mulungu wandiika pamalo pake: ana alibe mabuku, ine ndapatsidwa chipinda chodzaza mabuku. Apa n'kuti ndisanawadziwe bwino a Mangani.

A Mangani anali bwana wanga woyamba, munthu wowonda, wosaseka wamba, magalasi awo mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi wakuda. Sanali oipa mtima. Anali amantha, ndipo mantha awowo anawasandutsa malamulo. Tsiku loyamba anandikhazika pa benchi n'kundifunsa kuti, "A Mulepa, ntchito yathu muno mukuidziwa?" Ine ndinati, "Kubwereketsa anthu mabuku, bwana." Iwo anapukusa mutu. "Iyayi. Ntchito yathu ndi kuwerenga mabuku." Ndinakondwa kwabasi, ndinafika kunyumba n'kuwauza amayi anu kuti ndapeza ntchito yongokhala pansi n'kumawerenga. Lachisanu ndi pamene ndinadziwa kuwerenga kumene ankanena. Itangokwana thu koloko anatulutsa aliyense n'kutseka chitseko, ine ndinakwera pa mpando, iwo anagwira kaundula, ndipo tinayamba: wani, thu, fili, shelefu ndi shelefu mpaka dzuwa kupendeka. Tinkatero Lachisanu lililonse. "Buku likasowa," ankatero a Mangani, "kulikulu safunsa kuti walikonda ndani. Amafunsa kuti waba ndani, ndipo wakubayo akapanda kupezeka amagwira iwe."

Mabuku ambiri anali amphatso ochokera kunja. Anali olimba, a mapepala oyera bwino, koma ankanena za kasamalidwe ka galu wogona m'nyumba, za kukonza mapaipi a madzi otentha, za maluwa amene kuno samera. Amenewo sankasowa. Amene ankasowa anali a Chinyanja, timabuku ta nkhani tochepa chabe, ndiye a Mangani anatitsekera m'kabati, kiyi m'thumba la jekete. Mwana akafuna kamodzi ankayenera kukhala pa benchi yoyandikana ndi tebulo lawo atasamba m'manja, ndipo akanyambita chala potembenuza tsamba ankalandidwa pomwepo. Zaka zinayi ndinaphunzira za chidindo, za makhadi, za kumata mabuku ong'ambika, ndi kutseka pakamwa.

1998

Mu 1998 ananditumiza ku Njuli kuti ndikatsegule laibulale yaing'ono. Nyumba imene anatipatsa kale ankasungiramo nandolo, ndipo fungo lake silinachoke mpaka tsiku lotseka. Anankafumbwe ankatulukabe m'ming'alu kudzaona ngati mabuku amadyeka. Ndinalandira makatoni a mabuku, njinga yopanda buleki yakumbuyo, mphasa ziwiri, ndi kalata. Kalatayo inkati kumayiko akunja malaibulale amasonkhanitsa ana pa tchuthi chachikulu kuti aziwerenga, choncho nafenso tichite chimodzimodzi. Amene analemba ayenera kuti anali asanagwirepo khasu. Nthawi imeneyo chaka cha sukulu chinkatha mu Novembala, ndiye tchuthi chachikulu chinkagwa pakati pa dzinja. Kwa eni akewo mwana pa tchuthi amasowa chochita. Kwathu kuno mwana pa tchuthi amadzala chimanga, amapalira, amalera wakhanda amayi ake ali ku ganyu.

Ndinayambabe. M'mawa ndinaona kuti n'kungodzivuta, ndiye ndinkayamba masana ana ataweruka kumunda. Ang'onoang'ono ndinkawawerengera mokweza pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, mvula ikabwera tinkathawira pakhonde. Okulirapo ndinkawalola kutenga buku limodzi kupita nalo kwawo kwa sabata, chinthu chimene a Mangani akanachimva nthawi imeneyo akanadwala nacho mutu, ndipo pobweza mwana ankaimirira n'kufotokozera anzake zimene wawerenga, m'Chinyanja, ngakhale bukulo likhale la Chingelezi. Womaliza mabuku asanu ankalandira kope ndi pensulo zikakhalapo. Zaka zina ankangowomberedwa m'manja. Kabati yokiya ndinalibe, choncho mabuku a Chinyanja ndinangowaika pa shelefu yapansi pofikira mwana. Koma Lachisanu ndinkatsekabe chitseko n'kumati wani, thu, fili ndekhandekha, popanda wondikakamiza.

Musaganize kuti zinali zokoma monga zikumvekeramu. Chaka chabwino kunkabwera ana makumi atatu, chaka choipa khumi. Denga linkadontha pamwamba penipeni pa madikishonale. Chiswe ndinkachigumula Lolemba, Lachitatu chamanganso. Tsiku lina ndinagula chitumbuwa pamsika n'kupeza kuti andikulungira pa tsamba lokhala ndi chidindo changa chomwe, ndipo ndinadya chitumbuwacho ndili ndi mkwiyo, chifukwa kutaya sindikanatha. Makolo ena ankandiimitsa pamsewu. "A Mabuku, mwana wanga wathawa kupalira ati ali kwanu. Kodi bukulo lipalira?" Dzina limeneli la a Mabuku linandikanirira, mpaka lero pa Njuli onditchula kuti a Mulepa ndi owerengeka.

Mwa ana onsewo amene sankajomba anali Esinati, mwana wa mayi Namakhwa, mayi wamasiye wa m'mudzi wina wa cha ku Mbulumbuzi. Anayamba kubwera ali mu Sitandade 4, mlongo wake ali kumsana, mapazi ali matope okhaokha, atayenda pafupifupi maola awiri. Sanali wolankhulalankhula. Ankapukuta manja pa diresi n'kulunjika pa shelefu yapansi, koma akaimirira kuti afotokoze zimene wawerenga, ngakhale anyamata aphokoso aja ankati zii. Pofika 2001 anali atamaliza mabuku onse a Chinyanja kupatula limodzi lalikulu la chikuto chobiriwira, nkhani ya mtsikana wina amene anakwera sitima kukafunafuna mchimwene wake. Limenelo ankati akulisungira tchuthi cha Sitandade 7, lisathe msanga.

Disembala 2001

Njala ya chaka chimenecho akuluakulunu mukuikumbukira, ndipo sindiifotokoza zambiri. Nkhokwe zinatha mvula isanagwe. Anthu ankadya madeya ndi mango aawisi owiritsa, ena ankaphula kalongonda, nyemba zofuna kuphikidwa tsiku lonse zija, asanapse bwino chifukwa ana akulira, n'kudwala naye. Mabungwe ena ndi mipingo anali atayamba kuyenda m'midzi kulemba mayina a olandira ufa ndi phala, ndipo munthu akangomva kuti kwakuti akulemba mayina ankasiya chilichonse n'kuthamangira komweko.

Kumapeto kwa Novembala a Mangani, amene tsopano anali oyendera malaibulale ang'onoang'ono, anatsika minibasi ndi nkhope ya pamaliro. Anakana kukhala pansi. "A Mulepa, kulikulu akuti nthambi zopanda anthu azitseka. Akufuna kaundula wa tchuthi chino. Mayina akapanda kukwana handiredi, lole ibwera kudzatenga mabuku." Ine ndinaseka, koma kuseka kwa kutopa. "Bwana, handiredi chaka cha njala? Ngakhale chaka chokolola sindinafikepo fote." Iwo anayang'ana pa denga pamene pankadontha paja. "Ine ndangotumidwa. Handiredi, a Mulepa. Ana enieni, midzi yawo yeniyeni, chifukwa akhoza kutumiza munthu kudzafunsa." Anakwera minibasi yotsatira osamwa ngakhale madzi.

Ndinakhala pansi n'kulemba timakalata ta m'mipingo, ndipo Loweruka ndinatigawa pa njinga. Mawu ake ndikuwakumbukira onse: Lolemba masana ku laibulale ya pa Njuli kudzayamba kuwerenga kwa ana. Makolo tumizani ana anu, tidzalemba mayina. Kumpingo wina waukulu wa cha ku Mbulumbuzi zolengeza ankawerenga a Makwinja, mkulu wa mpingo wokalamba, amene maso awo anali atayamba kuchita chifunga koma magalasi ankawakana, ati ndi za anthu onyada. A Makwinja anadumpha kamawu kamodzi. M'malo moti kudzayamba kuwerenga kwa ana, iwo anati kudzayamba kuwerenga ana. Zilembo zitatu zokha. Pofika madzulo a Lamulungu uthengawo unali utafika mpaka ku Mbombwe, kwa Asilamu ndi kwa osapemphera omwe, kuti mawa pa Njuli akuwerenga ana. Zonsezi ndinazimva pambuyo pake, tsikulo ine ndinalibe chimene ndinkadziwa.

Lolemba ndinafika seveni koloko kuti ndisese, n'kupeza bwalo lonse ladzaza. Azimayi anali atakhala pansi m'mizere kuyambira pakhonde mpaka kumsewu, ana m'manja, ana kumsana, ena atagona pa zitenje. Ndikuuzeni zoona, misozi inalengeza m'maso. Ndinati zaka zonsezi sizinapite pachabe, anthu amvetsa. Makapu ndi timatumba m'manja mwawo ndinaziona, koma sindinafune kuziganizira. Ndinatulutsa tebulo pakhonde, ndinatsegula kaundula, ndinayamba kulemba: dzina, zaka, mudzi. Tsamba loyamba linadzaza, lachiwiri linadzaza. Ndili pa lachitatu, mayi wina anamasula chitenje n'kundionetsa khanda la miyezi isanu. "Uyu mumulembenso, aphunzitsi. Phala wayamba kudya." Bolopeni inaima yokha. Ndinayang'ananso makapu aja, timatumba tija, ndi kukhala kwa m'mizere kuja, ndipo zonse zinandilowa nthawi imodzi.

Tsopano mverani bwino, chifukwa izi sindinakuuzenipo, ngakhale amayi anu amva lero. Sindinaimirire. Ndinayang'ana pa kaundula n'kuona kuti ndili pa sevente ndi mphambu. Ndinalemba khanda lija. Ndinalemba wotsatira, ndi wotsatira. Mumtima ndinkadziuza kuti iwe sunanamize munthu, za ufa sunanene ndiwe, ungofika handiredi kenako uwauze. Handiredi ndinafika, ndinadutsa, dzanja likungoyenda, mutu ndili chogwetsa kuti ndisaone nkhope za anthu. Ndinayamba tsamba lachisanu. Ndipo nditadzutsa mutu kuti ndifunse dzina, patsogolo panga panali mayi Namakhwa ndi ana awo atatu.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Awa ndi anga, atatu. Ndiye mutiuziretu, ufawo ndi lero kapena tibwerenso? Chifukwa uyu," anamukankha Esinati paphewa, "njira yonse wangolimbikira kuti kwa a Mabuku kulibe ufa, kuli mabuku okhaokha. Ndamuuza kuti atseke pakamwa. Iye ndi a Makwinja wamkulu ndani?"

Esinati anangondiyang'ana, osakwiya, kungodikira, monga ankadikirira ndikamafunafuna khadi lake. Anali atawonda moti diresi linkangolendewera m'mapewa. Pabwalo ponsepo iye yekha ndi amene ankadziwa za m'nyumba muja shelefu ndi shelefu, ndipo ankadziwa kuti inenso ndikudziwa. Manyazi amene ndinamva pamaso pa mwana ameneyo sindinawamvepo pamaso pa bwana aliyense.

Ndinaika bolopeni pansi n'kukwera pa benchi. "Amayi ndi abambo, pepani, pachitika kusamvana. Kuno sitikuwerenga ana. Kuno ana ndi amene amawerenga. Ufa kulibe, phala kulibe. M'nyumbamu muli mabuku basi." Phokoso linabuka paliponse. "Mabukuwo tiphike?" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Tasiya ganyu ife, tanyamuka kusanache!" Bambo wina anaponya kapu yake pa malata. Ena anathamangira patebulo kuti ndifufute mayina a ana awo, poopa kuti olemba ufa enieni akadzabwera adzati awa analembedwa kale. Onse amene anapempha ndinawafufuta, anali ngati makumi awiri. Otsalawo anangonyamula ana n'kumapita, mphamvu zokanganira analibe.

Mayi Namakhwa anatsalira mpaka bwalo litapepuka. Sanakuwe ayi, ndipo bola akanakuwa. "Aphunzitsi, ine ndasiya ganyu yopalira ya mbale ya madeya. Lero ana awa agona choncho. Kusamvana kulipo, a Makwinja maso adatha, tonse tikudziwa. Koma ine ndinali pamzere pompano ndikuona. Wakhanda uja munamulemba kuti adzawerenge chiyani?" Anamanga chitenje chawo mwamphamvu n'kuloza kaundula. "Mayinawo mupita nawo kwa mabwana anu. Mukadya nawo inu." Anatembenuka n'kumapita, ana awo pambuyo.

Masana a tsiku limenelo kunabwera ana asanu ndi atatu, aja a nthawi zonse a pafupi ndi msika, ndipo ndinawawerengera. Esinati anatulukira Lachinayi, yekha. Za Lolemba sitinakambirane. Anapukuta manja pa diresi, anatenga buku lobiriwira lija, ndinadinda khadi, anapita. Iye anali wachisanu ndi chinayi, ndipo tchuthi chonsecho sanaonekenso.

Januwale 2002

Kaundula anakhala mu dilowa mwezi wonse. Kuchotsa ofufutidwa aja, mayina anatsala handiredi ndi teni, kuwonjezera asanu ndi anayi amene anawerengadi. Amayi anu anandikhazika pansi Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. "Abambo a Chikondi, bodza lili pati? Ana ndi enieni, midzi ndi yeniyeni, anabwera ndi miyendo yawo. Munawakoka ndinu? Tumizani. Mukatseketsa laibulale, Esinati wanuyo adzawerenga chiyani, chikwangwani cha pamsewu?" Musawaweruze amayi anu, ankanena zanzeru, ndipo mpaka lero yankho lokwanira ndilibe. Kangapo konse ndinaika kaundulayo mu envelopu n'kumutulutsanso.

Sabata yachiwiri ya Januwale ndinakumana ndi a Makwinja pamsewu akuchokera kumanda, Baibulo kukhwapa. Anandigwira dzanja n'kupepesa za kamawu kaja, kenako anandiuza kuti m'mudzi mwawo aika ana awiri sabata imodzi. Anatchula mayina, ndipo ndinawazindikira onse. Limodzi linali la khanda lija. Nditafika ku laibulale ndinatsegula tsamba lachitatu, ndipo dzinalo linali pomwepo, lolembedwa ndi dzanja langa: zaka, miyezi isanu. Ndinaganiza za munthu wa kulikulu akuwerenga wani, thu, fili, n'kumuwerengera mwana ameneyo pamodzi ndi owerenga mabuku, n'kusaina kuti a Mulepa agwira ntchito yotamandika. Ndinatenga rula, ndinang'amba masamba asanu aja bwinobwino, ndinawatentha kuseri kwa nyumba. Kulikulu ndinatumiza mayina asanu ndi anayi. Musandiyese munthu wolimba mtima. Ndinangoona kuti sindingathe kudya nawo, ndipo ndinapita kunyumba ndili wotopa kuposa tsiku lina lililonse la ntchito yanga.

Epulo 2002

Lole inabwera mu Epulo, chimanga chitayamba kuuma m'minda. A Mangani anatsika kutsogolo ndi kaundula wa mabuku. Za mayina sanandifunse, anangoti, "Naini, a Mulepa?" Ine ndinati, "Naini, bwana." Anapumira m'mwamba, ndipo tinayamba ntchito yathu yakale ija, ine pa mpando iwo ndi kaundula, wani, thu, fili, buku lililonse likawerengedwa n'kulowa m'katoni. Pamapeto panasowa limodzi. A Mangani anabwerezanso shelefu yapansi kawiri. "Lasowa limodzi. La Chinyanja. Ndinkakuuzani ine za kabati."

Tili pomwepo, pakhomo panaima Esinati, ali wefuwefu, m'manja muli kanthu kokulungidwa m'pepala la pulasitiki la shuga. Sukulu anali asanabwerereko chitsegulire, ankayenda m'maganyu ndi amayi ake. Anagwada pakhomo n'kundipatsa ndi manja awiri. "Ndamva kuti lole yabwera, ndiye ndathamanga, angakumangeni. Pepani ndachedwa nalo. Nthawi ya njala ija zilembo zimavina, ndimangowerenga pang'ono mutu n'kuyamba kuwawa. Ndatsala mitu iwiri kuti ndimalize."

A Mangani anatambasula dzanja. Ine sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Bwana, limenelo chiswe chinadya." Iwo anayang'ana bukulo, lili bwinobwino m'manja mwanga, chikuto chake chobiriwira chili waliwali. Anayang'ana mwanayo, mapazi ake ndi mikono yake. Anavula magalasi a ulusi aja n'kuwapukuta nthawi yaitali, kenako anawavalanso. "Chiswe cha pa Njuli n'chachikulu ndithu," anatero, n'kulemba mu kaundula. Ndiye anatenga bukulo m'manja mwanga, analikulunganso okha m'pulasitiki muja, n'kumupatsa Esinati. "Iwe chiswe, dzipita kwanu dzuwa lisanalowe." Zaka zonse zimene ndinawadziwa a Mangani, limenelo linali tsiku lokhalo limene ndinawaona akulemba chinthu chimene sanachiwerenge. Inenso bodza langa lolembedwa m'mabuku a ntchito ndi lomwelo.

Anandibweza ku boma, kumene ndinapitiriza kudinda makhadi ndi kuwerenga wani, thu, fili pansi pa mabwana ena atatu, aliyense ndi malamulo ake. Kalata za kuwerenga kwa pa tchuthi zinkabwerabe chaka ndi chaka, ndipo ndinkachita zimene kalata yanena, koma mtima uja sunabwerere. Nyumba ya pa Njuli inabwerera ku nandolo. Ana amene anabadwa kumeneko pambuyo pa chaka chimenecho anakula osadziwa kuti munakhalapo mabuku, ndipo ndikamadutsa pa minibasi ndinkayang'ana mbali ina. Amayi anu amati ndikanatumiza mayina aja, ana mazana akanawerenga, ndipo akufa aja sakanadandaula. Mwina akunena zoona. Masiku ena ndimagwirizana nawo.

2008

Kutatsala chaka kuti ndipume, ndinatsika pa Njuli kuti ndigule matimati. Mayi wina wachitsikana, mwana ali kumsana, anandiyang'anitsitsa n'kuwomba m'manja. "A Mabuku! Simukundizindikira? Ndine chiswe chija!" Tinaseka mpaka anzake ogulitsa anatembenuka. Sukulu analekezera Sitandade 8, anakwatiwa ndi mnyamata wa kabaza, ana anali nawo awiri. Sanakhale namwino kapena mphunzitsi monga ndinkalotera, ndipo sindikubisirani kuti zinandiwawa. Ndinamufunsa za bukulo. "Lilipo," anatero. "Chikuto chidachoka, ndidalisoka ndi ulusi wa thumba. M'mudzi mwathu mwana aliyense wodziwa kuwerenga adadutsamo, ena kawiri. Amayi omwe ndidawawerengera asanamwalire, amati ndibwereze paja pa siteshoni." Kenako anandifunsa, akundiikira matimati m'jumbo, "Koma inu aphunzitsi, pomwe mtsikana uja adamupeza mchimwene wake, mudamva bwanji? Ine ndidalira."

Ndinafuna kunama, koma ndinali nditakalamba. Ndinamuuza kuti sindikudziwa kuti anamupeza.

Esinati anaika jumbo pansi. "Simudaliwerenge?" Anagwira pakamwa, kenako anatembenuza dengu lopanda kanthu n'kulipukuta ndi chitenje. "Takhalani apa, a Mabuku." Ndinakhala pa dengu m'mphepete mwa msewu, tayi ili m'khosi, maminibasi akudutsa, ndipo iye anaimirira monga ankaimirira pansi pa mango paja n'kuyamba kufotokoza kuyambira pamene mtsikanayo anakwera sitima. Ogula awiri anabwera n'kubwerera osathandizidwa. Buku limenelo ndinaliwerenga Lachisanu lililonse kwa zaka zinayi, koma mmene linathera ndinamvera kwa iye.